N'chifukwa chiyani amayi a ku Britain anadikira zaka 62 kuti avote mofanana ndi abambo?

aNgozo
Akuluakulu, ndili ndi funso. Chikalata chachikulu choyamba chopempha kuti amayi azivota chinalowa m'nyumba ya malamulo ya ku Britain mu 1866, koma amayi ena anayamba kuvotera aphungu mu 1918, ndipo kuvota mofanana ndi abambo kunadza mu 1928. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zimenezi aphungu ambiri anavomereza mfundoyi kangapo konse, monga mu 1870, 1897, 1908, 1910 ndi 1911. Ndiye tisangoti abambo ankakana, chifukwa kawerengedwe ka mavoti a m'nyumbamo sikakunena choncho. Mabilu amenewa ankafera pati kwenikweni?

aMbewe
A Ngozo, ankafera pa nthawi. Bilu imadutsa m'makwerero angapo. Imawerengedwa koyamba, komwe amangotchula mutu wake. Imawerengedwa kachiwiri, pomwe aphungu amavota ngati akugwirizana ndi cholinga chake. Kenako imapita ku komiti kukaunikidwa ndime ndi ndime, imabwerera, imawerengedwa kachitatu, imapita ku nyumba yapamwamba ya House of Lords, ndipo pamapeto mfumu imavomereza. Zaka zonse mwatchulazo ndi za kuwerengedwa kachiwiri kokha. Pamenepo phungu amatha kuvota kuti inde, n'kukauza amayi a m'dera lake kuti ndinakuimirirani, akudziwa bwino lomwe kuti biluyo siona kutsogolo.

Chifukwa chake n'chakuti mabilu onsewa ankabwera ndi aphungu paokha, osati boma. Nthawi yokambirana m'nyumbamo ili m'manja mwa boma, ndipo aphungu wamba amapatsidwa masiku owerengeka, mochita mayere. Panali njira zitatu zophera bilu yotere.

Yoyamba ndi kuyankhula mpaka nthawi ithe. Mu Meyi 1905 bilu ya amayi inali yachiwiri pa mndandanda wa tsikulo. Yoyamba inali yokhudza nyali za pa ngolo zoyenda mumsewu usiku. Aphungu odana ndi voti ya amayi anaikoka nkhani ya nyaliyo, akuseka, mpaka bilu ya amayi inatsala ndi kanthawi kosakwanira kuvoterapo.

Yachiwiri ndi kuitumiza ku komiti ya nyumba yonse m'malo mwa komiti yaing'ono. Zimamveka ngati ulemu, koma komiti ya nyumba yonse imakhala m'chipinda chachikulu chomwecho, ndipo singakhale popanda boma kupereka masiku. Mu Julayi 1910 bilu inapambana ndi kusiyana kwa mavoti oposa 100, ndipo nthawi yomweyo aphungu omwewo anaitumiza ku komiti imeneyi. Nduna yaikulu Herbert Asquith anakana kupereka masiku. Basi, inathera pomwepo.

Yachitatu ndi chigamulo cha sipikala. Mu Januwale 1913 boma linali ndi bilu yake yoonjezera amuna ovota, ndipo linalonjeza kuti aphungu akhoza kuikamo ndime ya amayi. Sipikala James Lowther anagamula kuti ndime yotere ingasinthe biluyo kukhala ina, moti iyenera kuyambiranso. Boma linangoibweza yonse.

Mayi Nachisale
Zonsezo n'zoona a Mbewe, koma mwayambira pakati. Amayi anayesa kaye njira ya khothi, ndipo ikanatheka, nyumba ya malamulo sikanafunikanso.

Lamulo la zisankho la 1832 linalemba poyera kuti ovota atsopano ndi anthu aamuna. Koma la 1867 linagwiritsa ntchito liwu lomwe m'Chingerezi limatha kuimira mwamuna kapena munthu aliyense. Phungu John Stuart Mill, yemwe anapereka chikalata cha amayi pafupifupi 1,500 chija mu Juni 1866, anapempha kuti liwulo lichotsedwe, alembe lomveka kuti munthu. Anagonja ndi mavoti 196 kwa 73. Koma panali lamulo lina la 1850 lonena kuti m'malamulo onse, mawu otchula mwamuna akuphatikizanso mkazi pokhapokha atanena mwachindunji kuti ayi. Maloya anaona mpata pamenepa.

Mu Novembala 1867 mayi wina wa sitolo ku Manchester, Lily Maxwell, anapezeka kuti dzina lake lalowa m'kaundula mwangozi chifukwa ankakhoma msonkho wa nyumba. Lydia Becker, mtsogoleri wa omenyera voti ya amayi kumeneko, anamuperekeza, ndipo mayi Maxwell anavotadi. Nthawi imeneyo voti inali yonena pakamwa, yachinsinsi inadza mu 1872. Chaka chotsatira amayi oposa 5,000 a ku Manchester anapempha kulowa m'kaundula, nkhani inafika kukhothi pa mlandu wa Chorlton ndi Lings, ndipo mmodzi wa maloya a amayiwo anali Richard Pankhurst, amene pambuyo pake anakwatira Emmeline, yemwe anadzatsogolera gulu lina lomenyera voti ya amayi. Oweruza anati mwambo wa zaka mazanamazana ukusonyeza kuti mkazi alibe mphamvu yovota, ndipo lamulo la 1850 silingasinthe zimenezo. Khomo la khothi linatsekeka mu 1868.

aNgozo
Ndiye kuti amayi sankavota pa chilichonse mpaka 1918?

Mayi Nachisale
Ayi, ankavota pa zisankho za makhonsolo kuyambira 1869, malinga ngati akukhoma msonkho wa nyumba m'dzina lawo. Mu 1872 khothi linati mayi akakwatiwa ufuluwo watha, chifukwa pamaso pa lamulo iye ndi mwamuna wake ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi mwamunayo. Lamulo la 1894 ndi lomwe linabwezera amayi apabanja m'kaundula wa makhonsolo, koma osati pa nyumba yomweyo imene mwamuna analembetsera. Kaundula ameneyu musamuiwale, chifukwa ndi amene anadzakhala maziko a lamulo la 1918.

NaNkhoma
Ine ndikuona kuti funso la a Ngozo silingayankhidwe popanda masamu a zipani. Boma linkakana kupereka nthawi, inde, koma linkakaniranji?

Voti ya ku Britain inali yomangirira pa nyumba ndi katundu. Ngakhale pambuyo pa lamulo la 1884, amuna pafupifupi anayi mwa khumi alionse sankavota. Ndiye mukati amayi avote mofanana ndi abambo, amene akulowa ndi amayi okhala ndi nyumba m'dzina lawo, makamaka amasiye ndi osakwatiwa opezako bwino. A chipani cha Liberal ankawerengera kuti amenewo adzavotera Conservative. N'chifukwa chake nduna ya Liberal David Lloyd George, yemwe ankati amagwirizana ndi voti ya amayi, anavota motsutsa bilu ya 1910, pamodzi ndi Winston Churchill. Biluyo ikanalowetsa amayi pafupifupi 1 miliyoni okha.

Mukaikulitsa bilu kuti ilowetse akazi a anthu ogwira ntchito m'mafakitale, a Conservative amene ankaithandiza akuthawa, poona kuti mavotiwo apita kwa Liberal ndi Labour. Kumbali ya Labour, ambiri ankati sitifuna voti ya amayi olemera, tikufuna voti ya munthu wamkulu aliyense. Bilu yaing'ono inkakanidwa kumanzere, yaikulu inkakanidwa kumanja. Onjezanipo kuti ku Liberal aphungu wamba ambiri ankavomera koma mtsogoleri Asquith ankakana, pomwe ku Conservative atsogoleri monga Arthur Balfour ankavomera koma aphungu awo ambiri ankakana.

Mu Malichi 1912 bilu yomwe chaka chapitacho inapambana ndi 255 kwa 88 inagwa ndi mavoti 14 okha. Aphungu a chipani cha ku Ireland anaitembenukira. Iwo ankafuna lamulo la kudzilamulira kwa Ireland lidutse, ndipo ankaopa kuti nkhani ya amayi igwetsa Asquith kapena idya masiku a bilu yawo.

aJere
NaNkhoma, mwasiya chinthu chimodzi dala. Pa 1 Malichi 1912, milungu ingapo voti imeneyo isanachitike, amayi a WSPU, gulu la Emmeline Pankhurst lomenyera voti ya amayi, anaswa magalasi a masitolo m'misewu ikuluikulu ya London ndi nyundo zobisa m'zovala. Aphungu ena anagwira chimenecho ngati chifukwa chokanira. Funso lomwe akatswiri amakanganabe mpaka lero ndi lakuti ziwawazo zinathandiza kapena zinabwezera nkhani m'mbuyo.

Ine ndimazigawa pawiri. WSPU inayamba ku Manchester mu Okutobala 1903 m'nyumba ya Emmeline Pankhurst. Kuyambira 1905, pomwe Christabel Pankhurst ndi Annie Kenney anasokoneza msonkhano wa Liberal ku Free Trade Hall n'kusankha ndende m'malo molipira chindapusa, mpaka cha m'ma 1909, njira yawo inagwira ntchito. Nkhani yomwe nyuzipepala zinali zitaiiwala inabwerera pa tsamba loyamba, ndalama zinalowa, ndipo ngakhale mabungwe odekha anapindula chifukwa anthu ambiri analowa. Koma kuyambira 1912 anayamba kutentha nyumba zopanda anthu, kuthira inki ndi mankhwala m'mabokosi a makalata, kudula mawaya a telefoni, ndipo mu Febuluwale 1913 bomba linaphulika pa nyumba yomwe ankamangira Lloyd George ku Walton Heath. Apa boma linapeza ponamizira: sitingagonje kwa otentha nyumba. Mu Meyi 1913 bilu ina inagwa pa kuwerengedwa kachiwiri penipeni, ndi kusiyana kwa mavoti 47.

NaNkhoma
Sindinasiye dala a Jere. Koma Asquith ankakana magalasi asanasweke, ndipo bilu ya 1870 ya Jacob Bright anaipha ndi nduna yaikulu William Gladstone mayi aliyense asanagwire mwala. Mu 1884 Gladstone yemweyo anati ndime ya amayi ilemetsa bilu yake, aphungu a Liberal omwe analonjeza kuthandiza anabwerera m'mbuyo, ndimeyo inagwa ndi 271 kwa 135. Zaka pafupifupi 40 za ulemu ndi zikalata sizinabale kanthu. Komanso pa 18 Novembala 1910, amayi pafupifupi 300 opita ku nyumba ya malamulo mwamtendere anamenyedwa ndi kugwiridwagwiridwa ndi apolisi kwa maola asanu ndi limodzi. Ambiri anaganiza kuti kuswa galasi n'kumangidwa nthawi yomweyo kuli bwino kusiyana ndi kumenyedwa tsiku lonse.

Nangondo
Pepani kukudulani, wina afotokoze bwino za kudyetsa mokakamiza amayi omangidwa amene ankakana chakudya m'ndende. Anthu amangoitchula mwachidule ngati inali nkhani ya supuni.

aJere
Sinali supuni, Nangondo. Chiyambi chake ndi Julayi 1909, pomwe Marion Wallace Dunlop anakana chakudya m'ndende ya Holloway pofuna kuti aziwerengedwa ngati mkaidi wa ndale osati chigawenga wamba. Patatha maola 91 anamutulutsa poopa kuti afera m'manja mwa boma. Ena anatsatira, ndipo boma linaona kuti ndende yasanduka yopanda chitseko. Mu Sepitembala 1909, ku ndende ya Winson Green ku Birmingham, anayamba kuwadyetsa mokakamiza.

Ankachita motere. Alonda aakazi angapo amamugwira mkaidi pa mpando kapena pa bedi, wina mutu, ena manja ndi miyendo. Dokotala amalowetsa paipi ya labala m'mphuno mpaka kum'mero, kapena amakanula pakamwa ndi chitsulo chomangitsa n'kulowetsa paipi yokulirapo mpaka m'mimba. Kumwamba kwa paipiyo kumakhala fanulo, momwe amathiramo mkaka wosakaniza ndi mazira aawisi. Izi zinkachitika kawiri kapena katatu pa tsiku.

Zoopsa zake zilipo zingapo. Munthu amene akulimbana minofu ya pakhosi imakungika, ndiye paipi imang'amba m'mphuno ndi kum'mero. Chitsulo chimathyola mano ndi kucheka nkhama. Ambiri ankasanza nthawi yomweyo. Choopsa koposa n'chakuti paipi imatha kulowa njira ya mpweya m'malo mwa njira ya chakudya, mkaka n'kuthiridwa m'mapapo. Zinamuchitikira Lilian Lenton mu Febuluwale 1913, anadwala mapapo kwambiri ndipo anamutulutsa mwachangu. Kitty Marion anamudyetsa chonchi maulendo 232 pa kumangidwa kumodzi mu 1914.

Nkhani ya Constance Lytton ndiyo inavula boma. Atamangidwa ndi dzina lake lenileni, mwana wa banja lolemekezeka, madokotala anamuyeza mtima n'kumutulutsa. Mu Januwale 1910 anavala ngati mayi wosoka zovala, anadzitcha Jane Warton, anamangidwa ku Liverpool, ndipo anamudyetsa mokakamiza kangapo osamuyeza mtima womwewo.

aMbewe
Ndipo yankho la boma linali lamulo la Epulo 1913, lomwe anthu analitcha la mphaka ndi mbewa. Mkaidi akafooka ndi njala amapatsidwa chilolezo cha masiku owerengeka kuti akapezeko bwino kunyumba. Masiku amenewo sawerengedwa pa chilango chake, ndipo akatha apolisi amamutenganso. Pa pepala zinali zanzeru, koma zinalephera chifukwa lamulolo linkadalira kuti mkaidi adzadikira pakhomo. Amayi anakonza nyumba zobisalamo ndi zovala zodzizimbaitsira, moti apolisi ankalondera khomo lomwe mwini wake anatuluka kalekale.

Nangondo
Zikomo a Jere. Koma tisaiwale kuti gulu lalikulu silinali la Pankhurst. NUWSS, mgwirizano wa mabungwe odekha omenyera voti ya amayi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1897 ndipo inkatsogoleredwa ndi Millicent Fawcett, inali ndi mamembala oposa 50,000 pofika 1914. Chinthu chawo chanzeru kwambiri, mwa kuona kwanga, chinali cha 1912. Bilu itagwa, anatsegula thumba la ndalama lothandizira oimira Labour pa zisankho zapadera, makamaka m'madera momwe phungu wa Liberal ankadana ndi voti ya amayi. Cholinga sichinali kwenikweni kuti wa Labour apambane, koma kuti agawe mavoti, Liberal itaye mpando. Chipani chimamva msanga chikayamba kutaya mipando. Mu 1913 anayenda wapansi kuchokera m'zigawo zosiyanasiyana za dzikolo kwa milungu isanu ndi umodzi, n'kukumana ku Hyde Park pa 26 Julayi.

Panalinso a Women's Freedom League amene anasankha kusamvera lamulo popanda ziwawa. Usiku wa kalembera wa pa 2 Epulo 1911 ena anagona kunja kwa nyumba zawo kuti asawerengedwe. Ena anakana msonkho. Boma linkalanda katundu n'kumugulitsa pa okushoni, anzawo ankabwera kudzamugula n'kumubwezera mwini wake, ndipo okushoniyo inkasanduka msonkhano.

aNgozo
Nanga ku New Zealand zinatheka bwanji mu 1893 ndi chikalata chabe?

Mayi Nachisale
Sichinali chikalata chabe, koma ntchito yake ndi yoyenera kuiona. Kate Sheppard ndi anzake a bungwe la amayi achikhristu olimbana ndi mowa ankatumiza mapepala m'matauni ndi m'midzi, amayi n'kumayenda khomo ndi khomo. Mu 1891 anapeza masiginecha pafupifupi 9,000, mu 1892 pafupifupi 20,000, mu 1893 pafupifupi 32,000, kutanthauza mayi mmodzi mwa anayi alionse achizungu a m'dzikomo. Mapepala a chikalata chachikulu anamatidwa ndi guluu n'kukulungidwa pa mtengo wa tsache, kutalika kwake kupitirira mamita 270. Ogulitsa mowa analemba anthu ganyu kuti atolere masiginecha otsutsa, poopa kuti amayi akavota mabala atsekedwa.

Kusiyana kwake ndi Britain n'kwakuti ku New Zealand amuna onse anali atayamba kale kuvota popanda kuonetsa katundu. Choncho funso la NaNkhoma, lakuti ndi amayi ati, kunalibe. Ngakhale zinali choncho, m'nyumba yapamwamba inadutsa ndi 20 kwa 18, ndipo zinatero chifukwa nduna yaikulu Richard Seddon anakakamiza phungu wina kuti asinthe voti, aphungu ena awiri anakwiya nazo n'kuvotera amayi kuti amuchititse manyazi. Bwanamkubwa anasaina pa 19 Sepitembala. Chisankho chinali pa 28 Novembala, ndipo m'milungu yochepayo amayi oposa 109,000 analembetsa, oposa 90,000 anavota. Amayi a Chimaori anali m'lamulomo.

aMbewe
Tibwerere ku London kuti timalize funso. Chomwe chinamasula mfundo ndi nkhondo, koma osati m'njira yomwe mabuku a sukulu amanenera kuti amayi anapatsidwa mphoto chifukwa chogwira ntchito m'mafakitale a zipolopolo. Lamulo linkafuna kuti mwamuna akhale pa nyumba imodzi miyezi 12 asanalowe m'kaundula. Asilikali mamiliyoni anali ku nkhondo, ndiye kaundula anali atawonongeka. Boma silikanachititsa chisankho asilikali osavota, choncho linafunika bilu yakeyake ya zisankho. Mu 1916 anakhazikitsa msonkhano wa aphungu a zipani zonse, wapampando wake sipikala Lowther yemwe uja. Asquith anachoka pa udindo mu Disembala 1916. Ndime ya amayi inadutsa ndi 385 kwa 55 mu Juni 1917, ku House of Lords ndi 134 kwa 71, ndipo lamulo linavomerezedwa pa 6 Febuluwale 1918.

Tsono onani zofunika zake. Mwamuna: zaka 21, kapena 19 ngati anali ku nkhondo. Mayi: zaka 30, komanso akhale woyenera kulowa m'kaundula wa makhonsolo uja, kapena akhale mkazi wa munthu woyenera kulowamo, kapena akhale ndi digiri ya yunivesite yomwe inali ndi phungu wake. Analowa amayi pafupifupi 8.4 miliyoni. Zaka 30 anaziika kuti amayi asachuluke kuposa abambo m'kaundula. Atsikana a m'mafakitale a zipolopolo, ambiri a iwo osakwana zaka 30, anatsala kunja. Wantchito wa m'nyumba wa zaka 45 wogona kwa bwana wake anatsala. Mayi wochita lendi chipinda chokhala ndi mipando ya mwini nyumba anatsala, pomwe mnzake wa chipinda chopanda kanthu, amene anabweretsa bedi ndi tebulo lake, analowa.

NaNkhoma
Ndipo lamulo lina la Novembala 1918 linalola mayi kuima pa chisankho ali ndi zaka 21. Ndiye ukanatha kukhala phungu koma osatha kudzivotera. Jennie Lee anasankhidwa mu 1929 ali ndi zaka 24 zinthu zili choncho, chifukwa kaundula watsopano wa lamulo la 1928 anali asanayambe kugwira ntchito. Mayi woyamba kusankhidwa anali Constance Markievicz wa chipani cha ku Ireland cha Sinn Féin mu Disembala 1918, ali m'ndende ya Holloway, ndipo sanakakhale pa mpandowo. Woyamba kukhala anali Nancy Astor mu 1919. Lamulo lofananitsa linabwera ndi boma la Stanley Baldwin pa 2 Julayi 1928, linaonjezera amayi pafupifupi 5 miliyoni. Emmeline Pankhurst anali atamwalira pa 14 Juni.

aJere
Njira yomweyo yotsekera ndi ziyeneretso, osatchula kuti mkazi ayi, inawoloka nyanja. Ku South Africa lamulo la 1930 la boma la Hertzog linapereka voti kwa amayi achizungu okha, popanda kuwafunsa katundu. Zotsatira zake, ovota achizungu anachuluka pafupifupi kawiri, ndipo mphamvu ya amuna akuda ochepa omwe ankavota ku Cape inachepa ndi theka. Mu 1936 anawachotseratu m'kaundula wa onse.

Mayi Nachisale
Ndi kuno komwe, a Jere. Pa chisankho cha Nyasaland cha pa 15 Ogasiti 1961 panali makaundula awiri, wapamwamba wa mipando 8 ndi wapansi wa mipando 20. Palibe ndime yomwe inkati mayi asavote. Koma njira zolowera zinali ndalama zomwe munthu amapeza pa chaka, katundu, kudziwa kulemba ndi kuwerenga, kukhoma msonkho kwa zaka zambiri, udindo monga wa ufumu, kapena kuti unali msilikali. Msonkho ankakhoma makamaka amuna, ku nkhondo anapita amuna, ndipo sukulu zinali zitalandira anyamata ambiri kuposa atsikana. Onse olembetsa anangopitirira pang'ono 100,000 m'dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni. Izi zinali choncho ngakhale amayi monga Rose Chibambo, amene ali pa K200 uja, anali atasonkhanitsa amayi m'ndale kuyambira m'ma 1950 ndipo iye anatsekeredwa mu 1959 ali ndi khanda.

Voti ya munthu wamkulu aliyense inakonzedwera chisankho cha 1964. Amayi analembetsa, koma oimira Malawi Congress Party analibe opikisana nawo pa mipando yonse ya kaundula wa onse, choncho kuponya voti sikunachitike.